Musanatchule matenda, yambani mwaona mmene munthuyo wadwalira

Anthu ambiri amene amabwera kwa ife kuchipatala atatentha thupi amachira okha, kaya tawapatsa mankhwala kaya ayi. Chovuta n'chakuti ochepa aja amene moyo wawo uli pachiswe amalowera khomo lomwelo, amakhala pabenchi lomwelo, ndipo amadandaula zomwezo: mutu, kuzizidwa, kuphwanya m'thupi. Pa maola oyambirira, chibayo choopsa, matenda oumitsa khosi ndi chimfine wamba zimafanana ngati mapasa. Chimene ntchitoyi yandiphunzitsa n'kusintha funso loyamba. Ndisanafunse kuti akudwala chiyani, ndimayamba ndadzifunsa kuti wadwalika bwanji. Dzina la matenda likhoza kudikira ola limodzi, mwinanso tsiku. Munthu amene magazi asiya kufika bwino m'ziwalo zake alibe ola lotaya.

Kuyeza kumayamba munthu asanakhale pampando. Walowa yekha kapena achita kumugwirira? Polonjera akumaliza mawu ake kapena akuima pakati kuti akoke mpweya? Akakhala mwana ndimamusiya kaye pamiyendo ya mayi ake, chifukwa ndikangomugwira alira, ndipo zambiri zimene ndimafuna kuona zibisika. Mwana amene akunditsata ndi maso, akulimbirana cholembera changa, kapena akulira mokalipa n'kumakankha dzanja langa, nthawi zambiri mphamvu akadali nazo. Amene amandiopsa ndi wofatsa uja, wongoti lobodo pachifuwa cha mayi ake, woti mukamubaya chala kuti mutenge magazi sakoka n'komwe dzanja. Ndipo mayi akati, "Adokotala, mwanayu sali mmene amakhalira," mawu amenewo ndimawalemba m'fayilo ngati zotsatira za kulabu. Iwo amamuona mwanayo tsiku ndi tsiku, ine ndangomuona mphindi zitatu.

Pa zonse zimene timayeza, kapumidwe ndi kamene kamayamba kusintha munthu akamalowa pangozi, koma ndi kamenenso timakachitira ulesi kwambiri. Tsegulani mafayilo muone kuchuluka kwa ma 18 ndi ma 20 olembedwa mongoganizira. Kuwerenga kwenikweni kumafuna wotchi ndi mphindi yathunthu. Kwa wamkulu, ndimagwira pamkono ngati ndikumva kugunda kwa mtima, maso ali pachifuwa chake, chifukwa munthu akadziwa kuti mukumuwerengera mpweya amasintha kapumidwe. Kwa mwana, mayi akweze malaya pang'ono kuti mimba ndi nthiti zioneke. Musawerenge masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi. Makanda amapuma modukizadukiza, ndipo mukaphonya kawiri kokha, pa mphindi mwaphonya ka 8. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Akafika 22 ndimatchera khutu, akafika 30 munthuyo sakagona kunyumba. Kwa ana, malire amene bungwe la WHO limaphunzitsa ndi 60 kwa khanda losakwana miyezi iwiri, 50 kwa wa miyezi iwiri mpaka 11, ndi 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu. Khanda likafika 60, werenganinso kachiwiri musanaweruze. Onaninso ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati pamene mwana akukoka mpweya. Kulowako kuzioneka nthawi zonse mwana ali phee, osati pokhapokha akulira kapena akuyamwa. Kubuula potulutsa mpweya ndi mutu wogwedera motsatira kapumidwe zimasonyeza mwana amene watsala pang'ono kutopa. Koma musathamangire kutchula chibayo nthawi iliyonse munthu akupuma mofulumira. Wopuma mozama, mokoka, koma m'chifuwa mukumveka bwino, kawirikawiri thupi lake likuyesa kutulutsa asidi amene wachuluka m'magazi. Zimenezi zimachitika shuga akakwera kwambiri, pa malungo aakulu, madzi akatha m'thupi, ndi pa sepsis, ndiye kuti matenda a tizilombo afika pofooketsa ziwalo za thupi. Munthu wotere muyezeni shuga musanalembe amoxicillin.

Kenako mtima ndi BP. Ndimakonda kuyerekeza manambala awiriwa. Ngati kugunda kwa mtima pa mphindi kwaposa nambala yapamwamba ya BP, tinene mtima 118 pomwe BP ili 104/60, thupilo likulimbana kwambiri ngakhale mwini wake akucheza nanu bwinobwino. Ana ndi achinyamata amaigwira BP yawo mpaka kumapeto, kenako imagwa kamodzin'kamodzi. Mukamadikira kuti BP ya mwana itsike, mwachedwa kale. N'chifukwa chake timakanikiza chikhadabo kapena nsonga ya chala kwa masekondi asanu n'kusiya. Kufiira kuzibwerera pasanathe masekondi awiri. Kukapitirira atatu, manja ali ozizira, mtima ukugunda mofulumira koma mofooka, ndiye kuti magazi sakufika kunsonga. M'chipinda chozizira chala chimanamiza, choncho yesaninso pafupa la pakati pa chifuwa. Agogo amene BP yawo imakhala 170 masiku onse, ikafika 110 yagwa, ngakhale nambalayo ikuoneka yokongola papepala. Ndipo womwa mankhwala a BP monga atenolol kapena propranolol mtima wake suthamanga ngakhale zinthu zitavuta, choncho funsani zimene amamwa.

Kutentha thupi ndi kumene abale amaopa kwambiri, koma kumatiuza zochepa. Mwana wa zaka zitatu wotentha 39.5 koma akusewera akhoza kukhala bwino kuposa wa 37.8 amene sakuyamwa. Malo amodzi pamene nambala yokha ndi yokwanira ndi pa khanda losakwana miyezi itatu: likafika 38, ameneyo ndi wotumiza kuchipatala chogonekera, kaya akuoneka bwino chotani. Kuzizira kosafika 36 mwa munthu wodwalika kumandiopsa kuposa 40. Komanso kutsika kwa kutentha atamwa paracetamol sikutsimikizira kanthu, popeza ngakhale wa matenda oumitsa khosi thupi limazizirako akamwa.

Kachipangizo kapachala koyezera okosijeni n'kothandiza, bola kudziwa mabodza ake. Chala chozizira, penti ya m'zikhadabo, kunjenjemera ndi batire lofooka zonse zimasokoneza. Dikirani nambala ikhazikike, ndipo onani ngati kugunda kwa mtima kumene kakusonyeza kukugwirizana ndi kumene mwawerenga pamkono. Zikasiyana, nambala ya okosijeniyo musaikhulupirire. Pakhungu lakuda kachipangizoka nthawi zina kamasonyeza nambala yokwererapo kuposa yeniyeni, choncho 93 mwa munthu amene akubanika musamuone mopepuka. Pansi pa 90 ndi okosijeni nthawi yomweyo.

Chomaliza ndi mutu. Abale akanena kuti bambo akubwebweta, akungogona, kapena sakuzindikira kumene ali kuyambira dzulo, chimenecho ndi chizindikiro cha ngozi mpaka mutapeza chifukwa china. Aliyense wosokonezeka, wokomoka kapena wolefuka kwambiri ayezedwe shuga pomwepo. Mwana amene shuga wake sakufika 2.5 mmol/L, kapena 3 ngati ali wonyentchera, amalandira 5 ml pa kilogalamu ya dextrose (madzi a shuga a mumtsempha) wa 10 peresenti. Mukakhala ndi wa 50 peresenti yekha, sungunulani gawo limodzi m'magawo anayi a madzi a jakisoni. Wosasungunula amawotcha mtsempha wa mwana.

Mu 2016 akatswiri atalongosolanso tanthauzo la sepsis anabweretsa kachida kachidule kotchedwa qSOFA: kupuma ka 22 kapena kuposa, BP yapamwamba ya 100 kapena kutsika, ndi kusokonezeka mutu. Ziwiri mwa zitatuzi mwa munthu wamkulu amene mukumuganizira matenda a tizilombo zikutanthauza ngozi yaikulu. Ubwino wake n'ngwakuti sikafuna labu. Kuipa kwake n'kwakuti kamaphonya odwala amene angoyamba kumene kutsetsereka, choncho kakakhala ziro musati basi zonse zili bwino. Pali anthu amene thupi lawo limabisa matenda. Okalamba amabwera atangogwa kapena atasiya kudya, thupi lisanatenthe n'komwe. Mayi amene wangobereka kumene kapena wapita padera, akumva kupweteka m'munsi mwa mimba, amasintha pa maola ochepa. Enanso ndi a shuga, omwa prednisolone nthawi yaitali, olandira mankhwala a khansa, a HIV amene chitetezo chatsika, a sickle cell, ndi amene anachotsedwa kapamba (spleen). Kwa amenewa malire anga onse ndimawatsitsa. Wolandira mankhwala a khansa akatentha 38 sindidikira zizindikiro zina.

Mukapeza kuti munthu wadwalika, ntchito ya ola loyamba ndi yodziwika, ndipo yambiri imatheka ngakhale pachipatala chaching'ono. Itanani mnzanu, mutu umodzi susenza denga. Wina aziika okosijeni, wina kanula, wina aziimbira ambulansi. Ngati n'kotheka kutenga magazi okaona tizilombo, tengani musanapereke mankhwala, koma zimenezo zisachedwetse jakisoni. Mlingo woyamba wa antibayotiki uperekedwe musanatumize wodwalayo, chifukwa ulendo ndi mzere wa kuchipatala chachikulu zimadya maola. Ceftriaxone ndi 2 g kwa wamkulu, ndi 50 mpaka 100 mg pa kilogalamu kwa mwana, 100 mukaganizira matenda oumitsa khosi. Mtsempha ukakanika, bayani pantchafu. Musamusakanize mu dilipi ya Ringer's lactate chifukwa muli calcium ndipo zimaundana. Kwa khanda la masabata oyamba timagwiritsa ntchito ampicillin 50 mg pa kilogalamu pamodzi ndi gentamicin, mlingo wake molingana ndi sikelo ndi masiku a khandalo. Funsani ngati munthuyo anawengedwapo ndi penicillin, ndipo adrenaline akhale pafupi. Akayamba kutupa nkhope, kubanika kapena kukomoka atangobayidwa, mubayeni adrenaline 0.5 ml ya 1:1000 pantchafu ngati ndi wamkulu, kubwereza pakatha mphindi zisanu ngati sakusintha.

Pa nkhani ya madzi a dilipi m'pamene ambiri timalakwitsa, ena pochepetsa, ena pochulukitsa. Kwa wamkulu amene BP yagwa chifukwa cha sepsis, malangizo ambiri amanena za 30 ml pa kilogalamu m'maola atatu oyamba. Ine ndimapereka 250 mpaka 500 ml, n'kuyezanso BP, mtima ndi kapumidwe, n'kumvetsera m'munsi mwa mapapo, kenako n'kupitiriza. Kapumidwe kakakwera, m'mapapo mukayamba kuthetheka, imitsani. Wa mtima wofooka kapena impso zowonongeka mukhoza kumumiza ndi malita awiri okha. Kwa ana nkhaniyi ndi ina. Kafukufuku wa FEAST, amene anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania n'kufalitsidwa mu 2011, anapeza kuti ana otentha thupi amene magazi sankayenda bwino anamwalira ambiri atathiridwa madzi mofulumira poyerekeza ndi amene anangolandira madzi a mlingo wa tsiku ndi tsiku. Ana otsegula m'mimba kwambiri sanali m'kafukufukuyo, ndipo kusiyana kumeneku n'kofunika. Mwana amene madzi atha chifukwa chotsegula m'mimba amafuna madzi ambiri msanga. Mwana wa malungo, chibayo kapena wochepa magazi mukamuthira madzi mothamanga mumuvulaza. Woyezuka m'manja ndi m'zikope amafuna magazi.

Wodwala akakhazikika, kapena ngati sanali pangozi poyamba pomwe, ndi pamene timafufuza kumene matenda akuchokera. Apa palibe chidule: munthu avule. Matenda ambiri amene amaphonyedwa amakhala pansi pa malaya, mu sokosi kapena mu thewera. Phazi la wa shuga likhoza kukhala ndi bala lonunkha mwini wake osamva kupweteka. Mwana amene akukana kuponda, kapena akulira mukamusuntha mwendo umodzi posintha thewera, akhoza kukhala ndi mafinya m'mfundo kapena m'fupa, ndipo ameneyo ndi wa opaleshoni. Kumbuyo kwa khutu, m'khwapa, kumatako, pamalo pamene panali kanula kapena bala la opaleshoni, monsemo muoneni.

M'madera a malungo, kayezedwe kapachala kali ndi msampha wake. Kakasonyeza kuti mulibe malungo, khulupirirani ndipo fufuzani china. Kakasonyeza kuti alimo, musatseke fayilo. Mtundu wofala wa kayezedweka umatha kusonyezabe malungo kwa masabata angapo munthu atachira, ndiponso munthu akhoza kukhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi pomwe chikumupha ndi chibayo kapena matenda oumitsa khosi. Wa malungo aakulu, ndiye kuti wokomoka, wosatha kukhala tsonga, wosanza chilichonse, wachikasu kapena wokodza mkodzo wakuda, amalandira artesunate 2.4 mg pa kilogalamu, kapena 3 mg kwa mwana wosakwana makilogalamu 20, nthawi yomweyo, pakatha maola 12, ndi pakatha maola 24. Botolo la 60 mg limayamba lasungunulidwa ndi 1 ml ya bicarbonate mpaka madziwo ayere, kenako n'kuwonjezera 5 ml ya saline ngati ndi mumtsempha kapena 2 ml ngati ndi pamnofu. Mwana wa malungo aakulu ndimamupatsanso antibayotiki, chifukwa ndi maso okha simungasiyanitse malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi.

Matenda oumitsa khosiwo dzina lake limatinamiza. Makanda ambiri khosi siliuma. Amangokana bere, kulira mokuwa, kulefuka, ndipo liwombo limatukumuka. Lioneni mwana atakhala tsonga ndipo sakulira. Wamkulu amabwera ndi mutu woopsa, kutentha thupi, kudana ndi kuwala, kapena kusokonezeka, ndipo si onse amene amakhala ndi zonsezi pamodzi. Timadontho tofiirira tosazimirira mukatikanikiza ndi galasi ndi chizindikiro cha jakisoni pompano. Pakhungu lakuda sitioneka msanga, choncho tifunefuneni m'manja, kumapazi, mkati mwa zikope ndi m'kamwa. Kupweteka kwa miyendo ndi manja ozizira mwa mwana wotentha thupi nthawi zina zimabwera timadonthoto tisanatuluke. Wa HIV amene mutu wakhala ukumupweteka kwa sabata kapena kuposa, ganizirani cryptococcus (fangasi wolowa mu ubongo) kapena TB, ndipo asabwerere kunyumba ndi mankhwala a mutu okha.

Chibayo cha wamkulu ndimachiyeza ndi CRB-65: kusokonezeka mutu, kupuma ka 30 kapena kuposa, BP yapamwamba yosafika 90 kapena yapansi ya 60 kutsika, ndi zaka 65 kupita m'tsogolo. Wopanda chilichonse mwa izi, okosijeni ali bwino, akutha kumwa, akhoza kuchirira kunyumba ndi amoxicillin 500 mg mpaka 1 g katatu pa tsiku kwa masiku asanu. Chimodzi kapena ziwiri, ganizirani zomugoneka. Zitatu kapena zinayi, palibe zokambirana. Koma manambalawa sadziwa ngati munthuyo amakhala yekha kapena ngati angathe kubwerera usiku zikavuta, zimenezo muzifunse nokha. Mwana wopuma mofulumira wopanda zizindikiro za ngozi amalandira amoxicillin pafupifupi 40 mg pa kilogalamu kawiri pa tsiku. Ngati m'chifuwa mukulira ngati kamluzu, yambani mwamupatsa salbutamol wopumira mpaka katatu, motalikirana mphindi 15 kapena 20, n'kuwerenganso mpweya. Ambiri kapumidwe kamatsika, ndipo antibayotiki safunikanso. Chifuwa chopitirira masabata awiri, kuonda, kutuluka thukuta usiku kapena makhololo a magazi, ayezedwe TB ndi HIV. Kumangosinthasintha maantibayotiki kwa munthu wotere kumachedwetsa chithandizo, ndipo ciprofloxacin ndi anzake amaibisa TB kwa kanthawi n'kuilimbitsa.

Pa kutsegula m'mimba, chimene chimapha ndi kutha kwa madzi. Tsinani khungu la pamimba. Likatenga masekondi oposa awiri kubwerera, maso atalowa, mwana sakutha kumwa kapena walefuka, madzi atheratu, ndipo pafunika dilipi ya 100 ml pa kilogalamu: kwa wosakwana chaka, 30 ml pa kilogalamu m'ola loyamba ndi 70 m'maola asanu otsatira, kwa wamkulupo, 30 m'mphindi 30 ndi 70 m'maola awiri ndi theka. Mwana wonyentchera kwambiri satsata ndondomeko imeneyi, mtima wake sungapirire. Amene akumwa mwaludzu amalandira ORS 75 ml pa kilogalamu m'maola anayi, pang'onopang'ono ndi supuni, akadali pachipatala pomwepo. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Zinc ndi wa tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14. Antibayotiki ndi wa kamwazi ndi kolera woopsa, osati kutsegula kulikonse.

Mkodzo umatinamiza mbali zonse ziwiri. Mwana wamng'ono wotentha thupi popanda chooneka, muyezeni mkodzo, chifukwa sanganene kuti ukumuwotcha. Koma agogo osokonezeka mutu, kapepala koyezera mkodzo kakasintha mtundu musati mwapeza, popeza okalamba ambiri amakhala ndi mabakiteriya mumkodzo osadwala nawo, ndipo chenicheni chikhoza kukhala chibayo kapena sitiroko. Nitrofurantoin amathandiza matenda a m'chikhodzodzo koma safika bwino mu impso. Mayi wotentha thupi, wonjenjemera, womva kupweteka m'mbali mwa msana mukagogoda, amafuna mankhwala ena kwa masiku osachepera 7, ndipo akakhala woyembekezera kapena akusanza, agonekedwe. Mkazi aliyense wa msinkhu wobereka amene akumva m'mimba ayezedwe mimba, kaya wanena kuti sizingatheke. Mimba yokhala kunja kwa chiberekero imabwera itavala nkhope ya kutsegula m'mimba kapena ya matenda a mkodzo.

Za pakhungu ndinene ziwiri zokha. Khungu lotupa, lotentha, lopweteka, zungulizani malire ake ndi cholembera n'kulembapo tsiku, kuti mawa muone ngati lafalikira. Ululu ukaposa zimene maso akuona, kapena pakatuluka matuza akuda, mnofu ukuola mkati ndipo afunika opaleshoni lero. Chithupsa chokhwima mankhwala ake ndi kuchitumbula. Mapiritsi salowa m'mafinya.

Tsopano tibwerere kwa ambiri aja, a chimfine, zilonda zapakhosi ndi chifuwa cha masiku atatu. Awa ndi amene amatitopetsa, ndipo ndi pa iwowa pamene maantibayotiki amawonongekera. Mamina kapena makhololo obiriwira sasonyeza kuti pali mabakiteriya, mtunduwo umachokera ku maselo a chitetezo cha thupi. Zilonda zapakhosi zimatenga pafupifupi sabata, chimfine sabata ndi theka, ndipo kutsokomola kumatha kufika masabata atatu. Munthu akauzidwa masiku amenewa poyamba pomwe, sabwerera tsiku lachinayi kudzafuna jakisoni. Pakhosi ndimaona zinayi: kutentha thupi, mafinya pa matonsilo, mwanabere wopweteka kutsogolo kwa khosi, ndi kusatsokomola. Zitatu kapena zinayi zikapezeka, makamaka mwa mwana wa msinkhu wa sukulu, penicillin wa masiku 10 ndi woyenera, pofuna kuteteza mtima ku rheumatic fever, matenda amene amatsatira mabakiteriya apakhosi n'kuwononga mtima. Wolephera kuyasamula, wotuluka dovu kapena wolankhula ngati ali ndi chinthu m'kamwa, ameneyo si wa mapiritsi. Mwana wopuma mophokosera, dovu likuchucha, musamulowetse kamtengo m'kamwa, mukhoza kutseka njira ya mpweya.

Kukana kupereka antibayotiki kumafuna mawu abwino. Kungoti "palibe vuto" kumamveka ngati mwamunyoza munthu amene sanagone usiku wonse. Ndimamuuza zimene ndayeza ndi zimene ndapeza: mapapo ali bwino, mukupuma ka 16, okosijeni 98, matendawa ndi a vairasi ndipo amoxicillin sawakhudza, akhoza kungokutsegulani m'mimba. Pamene antibayotiki akufunikadi, yambani ndi a gulu la Access pa ndondomeko ya AWaRe yoika maantibayotiki m'magulu, imene WHO inayambitsa mu 2017, monga amoxicillin ndi nitrofurantoin. Ceftriaxone, ciprofloxacin ndi azithromycin ali m'gulu la Watch, loyenera kusamala nalo, ndipo tikamawagawa pa chimfine tidzawasowa tsiku la sepsis. Paracetamol wa mwana ndi 15 mg pa kilogalamu maola asanu ndi limodzi aliwonse, moyeza pasikelo osati mongoyang'ana msinkhu. Wamkulu asapitirire 4 g pa tsiku, ndipo akumbutseni kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati. Ibuprofen musamupereke kwa amene madzi achepa m'thupi kapena wa impso, ndipo aspirin si wa ana.

Ngakhale mutayeza bwino chotani, ena mwa amene mwawabweza kunyumba adzadwalika usiku womwewo, chifukwa munawaona matenda asanaonetse nkhope. Choncho mawu otsanzikana nawo ndi gawo la chithandizo. "Mubwerenso zikavuta" n'kosakwanira, popeza aliyense ali ndi muyeso wakewake wa kuvuta. Tchulani zinthu zoti munthu akhoza kuziona ndi maso: mwana akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akavuta kudzutsa, nthiti zikayamba kulowa, thewera likakhala louma kwa maola 12, pakatuluka timadontho pakhungu. Nenani kumene apite usiku ngati pano patsekedwa. Kenako afunseni abwereze zimene mwanena, ndipo mudzadabwa kuchuluka kwa zimene sizinamveke. Amene mtima wanga sukukhazikika naye koma sindikupeza chifukwa chomutumizira, ndimamusunga pabenchi ola limodzi kapena awiri, n'kumupatsa madzi akumwa, n'kuyezanso zonse. Manambala awiri otalikirana ola amanena zambiri kuposa amodzi.

Wodwala akabwerera kachiwiri ndi vuto lomwelo, yambani ngati simunamuonepo, ngakhale fayilo ili ndi dzina la matenda lolembedwa ndi dzanja lanu lomwe. Wa antibayotiki woyenera amayamba kusintha m'maola 48 mpaka 72. Akapanda kusintha, musanalembe mankhwala amphamvu fufuzani zinthu izi motsatana: kodi akumwadi, kodi sakusanza, kodi mlingo ukugwirizana ndi sikelo yake, kodi palibe mafinya obisika m'chifuwa, m'mimba kapena m'mfundo, kodi si TB, ndipo kodi ndi matenda a tizilombo n'komwe. Magazi oundana m'mapapo, mtima wofooka ndi appendix zonse zimalembedwapo chibayo kapena malungo tsiku loyamba.

Potumiza wodwala, kalata ikhale ndi manambala ndi nthawi: kapumidwe, mtima, BP, okosijeni ndi shuga pofika ndi pochoka, mankhwala amene mwapereka, mlingo wake ndi ola lake, madzi angati alowa, ndi nthawi imene anakodza komaliza. Onetsetsani kuti silinda ya okosijeni ikwanira ulendo wonse, kanula yamatidwa bwino, khanda lafunditsidwa pachifuwa cha mayi ake ndipo layamwa kapena lalandira shuga. Wosokonezeka mutu agone chammbali, ndipo kumbuyo kwa galimoto kukhale namwino woti akhoza kumupukuta m'kamwa akasanza.